Nyumba Zamphatso m'Tsinde mwa Phiri la Mulanje: Malo, Umwini ndi Mamangidwe ku Limbuli

Limbuli, malo amalonda amene ali m'dera la Mfumu Yaikulu Njema kummwera chakummawa kwa phiri la Mulanje, amadziwika ndi msika wake wa chimanga, nandolo ndi zokolola zina zochokera mbali zonse ziwiri za malire a Malawi ndi Mozambique, komanso ndi minda ya tiyi imene yazinga msewu wochokera pa boma la Mulanje kukafika ku chipata cha Muloza. Kuyambira mu Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anagwetsa mvula yosalekeza kwa masiku angapo mpaka madzi, matope, miyala ndi mitengo zinatsika m'phiri n'kukokolola midzi, derali lakhalanso limodzi mwa madera amene nkhani ya pogona pa munthu wosauka yakula kuposa kale. Mabungwe othandiza, mipingo ndi anthu akufuna kwabwino akhala akumangira mabanja ovutika nyumba zolimba zofolera ndi malata m'boma la Mulanje ndi m'maboma oyandikana nalo, ndipo palibe angakane kuti nyumba yotere imasintha moyo wa banja lolandira. Komabe nyumbazi n'zochepa kwambiri poyerekeza ndi zimene zinagwa, ndipo kutetezeka kwake kumadalira zinthu zitatu zimene woperekayo sangabwere nazo pa lole pamodzi ndi simenti: malo oimikapo nyumbayo, umwini wake, ndi luso loisamalira komanso kuitsanzira.

Kukula kwa vutoli

Kalembera wa anthu ndi nyumba wa 2018 anapeza kuti m'Malawi munali anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo pafupifupi 684,000 mwa iwo ankakhala m'boma la Mulanje. Kalemberayu amagawa nyumba m'magulu atatu: yokhazikika, imene makoma ndi denga lake zonse ndi za zipangizo zolimba monga njerwa zootcha ndi malata, yapakatikati, imene mbali imodzi yokha ndiyo yolimba, monga makoma a zidina ofoleredwa ndi malata, ndi yachikale, ya dothi ndi udzu. Nyumba zokhazikika zinali pafupifupi 41 pa nyumba 100 zilizonse m'dziko lonse, kutanthauza kuti mabanja oposa theka ankagona m'nyumba zimene khoma kapena denga lake silingapirire mvula yamkuntho ya masiku angapo. Chiwerengerochi chimabisanso chinthu china, chifukwa nyumba zambiri zakumudzi zowerengedwa kuti n'zokhazikika zimamangidwa ndi njerwa zootcha zolumikizidwa ndi matope m'malo mwa simenti, ndipo matopewo akanyowa amafewa mofanana ndi chidina.

Chigawo chakummwera chakumana ndi ngozi zotsatizana m'zaka zosakwana khumi: kusefukira kwa madzi kwa mu Januwale 2015, namondwe wa Idai mu Malichi 2019, wa Ana mu Januwale 2022, wa Gombe pasanathe miyezi iwiri, kenaka Freddy. Namondwe wotsirizayu anapha kapena kusowetsa anthu oposa 1,000, anachotsa m'nyumba zawo anthu oposa 650,000, ndipo kafukufuku amene boma linachita pamodzi ndi mabungwe akunja anapeza kuti nyumba zoposa 260,000 zinagwa kapena kuwonongeka. Madera ena a kummawa kwa phiri, m'maboma a Mulanje ndi Phalombe, sankafikika pa msewu kwa nthawi, moti thandizo linkapita pa helikopita. Kutsatizana kwa ngoziku ndiko kumasaukitsa banja kotheratu, pakuti banja limene linagulitsa mbuzi kuti limangenso mu 2019 ndi njinga kuti lifolerenso mu 2022 linafika mu 2023 lilibe chogulitsa china, ndipo nyumba iliyonse yomangidwa mofulumira ndi ndalama zochepa imakhala yofooka kuposa imene inagwa.

Njira ziwiri zimene nyumba imagwera

Kuti ntchito ya mabungwe imveke bwino, m'pofunika kusiyanitsa njira ziwiri zimene nyumba zimawonongekera m'tsinde mwa phirili. Njira yoyamba, imene imagwetsa nyumba zambiri, ndi ya madzi onyowetsa makoma ndi mphepo yosasula denga. Kummwera ndi kummawa kwa phiri la Mulanje kumagwa mvula yochuluka kuposa madera ambiri a dziko lino, ndiye chifukwa chake tiyi amachita bwino kumeneko, ndipo ngakhale m'nyengo yozizira kumakhala mvula yowaza ya chiperoni. Mvula ikagwa kwa masiku atatu kapena anayi osakata, madzi amadikha m'mbali mwa nyumba n'kuyamba kulowa m'munsi mwa khoma, pamene mphepo ikuwomba madontho ena pa khoma lopanda pulasitala. Dothi likakhuta madzi limataya mphamvu, khoma limakhala pansi kapena kupendekera kunja, ndipo denga limagwera anthu amene ali m'kati, kawirikawiri usiku. Denga la malata limene mitengo yake inangosanjikidwa pamwamba pa khoma, n'kupsinjidwa ndi miyala kapena njerwa, limanyamuka lonse mphepo ikalowa pansi pake, ndipo makoma otsala pamtunda sachedwa kusungunuka.

Kugwa kwa mtundu umenewu kuli ndi mankhwala ake odziwika, ndipo ambiri mwa iwo analembedwa m'ndondomeko ya boma ya mamangidwe a nyumba zotetezeka, imene inakonzedwa pambuyo pa zivomerezi za ku Karonga za mu Disembala 2009 ndipo yakhala ikuunikidwanso. Nyumba imayenera kukhala pa maziko okumbidwa mokwanira ndi okwezedwa pamwamba pa nthaka, kuti madzi oyenda pabwalo asafike pa khoma. Pakati pa maziko ndi khoma pamayalidwa pepala lapulasitiki lokhuthala loletsa chinyontho kukwera. Njerwa za m'munsi ndi za m'makona zimamangidwa ndi simenti ngakhale pamene ndalama sizilola kutero pa khoma lonse, mazenera ndi zitseko siziyandikira kwambiri pa kona, ndipo pamwamba pa makoma pamazungulira lamba wa konkire wokhala ndi zitsulo, amene amisiri amamutcha bimu, womanga makoma onse kukhala chinthu chimodzi. Mitengo ya denga imamangiriridwa ku khoma ndi waya wolimba wolowetsedwa m'mizere ingapo ya njerwa, denga lotsetserekera mbali zonse zinayi limapirira mphepo kuposa la mbali ziwiri, ndipo khonde lozungulira, limene makolo ankalidziwa kale pa nyumba zawo za udzu, limatchinga khoma ku mvula yowomba cham'mbali. Ngalande yaing'ono yozungulira nyumba imamaliza ntchitoyo. Palibe chilichonse mwa izi chimene chili chachilendo kwa mmisiri wophunzira, ndipo zingapo mwa izo, monga waya, pepala ndi ngalande, mtengo wake ndi wochepa.

Njira yachiwiri ndi imene anthu a m'derali amaitcha napolo, kutanthauza chigumula cha madzi, matope ndi miyala ikuluikulu chimene chimaphulika m'phiri nthaka ya m'malo otsetsereka ikakhuta madzi, n'kutsika mwaliwiro motsata zigwa ndi mitsinje, nthawi zina n'kudzitsegulira njira yatsopano. Napolo wa ku Phalombe wa mu Malichi 1991 anapha anthu mazanamazana, ndipo ndiye anachititsa kuti dziko lino likhale ndi lamulo lake loyamba loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi m'chaka chomwecho. Mwala wolemera matani angapo susiyanitsa khoma la zidina ndi la mabuloko a simenti, kotero palibe bimu kapena waya amene angapulumutse nyumba yomangidwa pa njira ya napolo. Chitetezo chokha ndi kumanga pamalo ena, ndipo apa m'pamene ntchito ya wopereka nyumba imasiya kukhala ya zomangamanga n'kukhala ya malo.

Kumene ganizo la nyumba zamphatso linachokera

Bungwe lodziwika kwambiri pa ntchitoyi ndi Habitat for Humanity, limene Millard ndi Linda Fuller anakhazikitsa mu 1976 ku Americus, m'chigawo cha Georgia ku United States. Ganizo lawo linayambira pa famu ya Akhristu ya Koinonia, koma analiyesa mokwanira mu Africa muno, mu mzinda wa Mbandaka ku Zaire, dziko limene lero ndi Democratic Republic of Congo, kumene anakhala zaka zitatu kuyambira 1973. Pachiyambi nyumbazo sizinali mphatso. Banja linkagwira nawo ntchito yomanga, kenaka linkabweza mtengo wa zipangizo pang'onopang'ono popanda chiwongoladzanja, ndipo ndalama zobwezedwazo zinkamangira banja lina. Bungweli linayamba ntchito m'Malawi mu 1986 ndi njira yomweyo, koma zinaonekeratu kuti ngongole, ngakhale yopanda chiwongoladzanja, imasiya kunja anthu osaukitsitsa, makamaka anthu olumala, komanso agogo olera ana amasiye ndi mabanja oyendetsedwa ndi ana, amene mliri wa Edzi unawachulukitsa. Chifukwa cha ichi, kuyambira 2009 bungweli lakhala likumanga nyumba zaulere za mabanja otere m'maboma a Mulanje ndi Salima, iliyonse ndi chimbudzi chake chokhala ndi paipi yotulutsa mpweya.

Pambuyo pa Freddy ogwira ntchitoyi anachuluka. Bungwe la Malawi Red Cross Society, nthambi zachitukuko za mipingo, mabungwe a United Nations ndi makampani ena anathandiza ndi matenti, malata, ndalama kapena nyumba zathunthu, ndipo atsogoleri opuma a dziko lino, Bakili Muluzi ndi Joyce Banda, anapatsidwa udindo wopempha thandizo la okhudzidwa, gawo lina la thandizolo n'kupita ku nyumba zomangidwa m'maboma monga Phalombe. Ambiri mwa ogwira ntchitoyi amatchula mfundo imene maiko anagwirizana ku Sendai m'dziko la Japan mu 2015, yakuti chimene chagwa pa ngozi chizimangidwanso molimba kuposa mmene chinalili.

Ubwino wa nyumba yabwino suthera pa kupirira namondwe, pakuti umaonekanso pa thanzi la tsiku ndi tsiku. Kafukufuku amene anachitika kumpoto kwa Malawi n'kusindikizidwa mu British Medical Journal mu 2001 anayerekeza ana osakwana zaka zisanu okhala m'nyumba za Habitat ndi anzawo okhala m'nyumba zachikale, ndipo anapeza kuti mpata wodwala malungo, matenda a m'chifuwa kapena otsegula m'mimba unali wotsika ndi pafupifupi 44 peresenti mwa ana a m'nyumba zatsopanozo. Zifukwa zake n'zomveka: udzudzu wofalitsa malungo umalowa kwambiri kudzera pa mpata wa pakati pa khoma ndi denga, umene nyumba yomangidwa bwino imatseka, pansi pa simenti pamakolopeka, pamene pansi pozira ndi dothi pamasunga chinyontho, utitiri ndi mazira a njoka za m'mimba pomwe mwana amakwawa, ndipo denga losadontha limateteza zofunda, mabuku a sukulu ndi matumba a chimanga. Ku Mexico, ndondomeko ya boma yotchedwa Piso Firme, imene inkangoika simenti pansi pa nyumba za osauka popanda kusintha china, inachepetsa kwambiri matenda otsegula m'mimba ndi kuchepa kwa magazi mwa ana. Phunziro lake ndi lakuti gawo limodzi la nyumba, likasankhidwa bwino, lingabweretse phindu lalikulu pa mtengo wochepa.

Funso la malo

Kuchepa kwa malo ku Mulanje kuli ndi mbiri yake. Tiyi anayamba kubzalidwa ngati mbewu yamalonda pa esiteti ya Lauderdale mu 1891, ndipo m'zaka zomwezo boma la atsamunda linavomereza azungu kukhala eni a malo aakulu achonde m'tsinde mwa phiri. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1890, Alhomwe ambiri anawoloka malire kuthawa nkhanza ndi ntchito yakalavulagaga ya ulamuliro wa Apwitikizi, ndipo ochuluka anakhazikika pa maesiteti pansi pa thangata, dongosolo limene munthu ankalipira malo okhala pogwirira ntchito mwini esiteti. Mu 1927 phiri lenilenilo linakhala nkhalango yotetezedwa ndi boma. Zotsatira zake n'zakuti midzi ya ku Limbuli ndi Muloza inapanikizika pakati pa minda ya tiyi, malire a nkhalango ndi malire a dziko, m'boma limene lero lili ndi anthu oposa 300 pa sikweya kilomita iliyonse. Mwana akakula n'kufuna pomanga, malo otsala amakhala a m'mphepete mwa mtsinje kapena a pamtunda wotsetsereka, ndipo kudulidwa kwa mitengo m'mapiri pofuna nkhuni, makala, matabwa ndi minda kwachititsa kuti nthaka ya pamwambapo isagwirenso madzi monga kale. Anthu amene amamanga pamalo oopsa kawirikawiri amakhala akudziwa kuopsa kwake, koma alibe pena.

Lamulo latsopano loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, limene Nyumba ya Malamulo inavomereza mu 2023 patangopita milungu yochepa Freddy atadutsa, limapatsa boma mphamvu yolengeza kuti malo ena ndi oopsa kukhalamo ndi kusamutsa anthu ake, ndipo nthambi ya boma yoona za ngozizi, ya DoDMA, pamodzi ndi makhonsolo yakhala ikufunafuna malo osamutsirako mabanja. Koma kusamutsa anthu n'kovuta kuposa kulemba lamulo. Pulojekiti ya Kudzigulira Malo, imene inayenda kuyambira 2004 mpaka 2011 ndi thandizo la World Bank, inathandiza mabanja pafupifupi 15,000, ena mwa iwo ochokera ku Mulanje ndi Thyolo, kupeza malo m'maboma monga Machinga ndi Mangochi, banja lililonse pafupifupi mahekitala awiri. Ambiri anakolola zochuluka kuposa kale, koma ena anadandaula za kutalika kwa mijigo, sukulu ndi zipatala, ndipo ena anabwerera kwawo. Zofanana ndi izi zaoneka m'chigwa cha Shire komanso m'chigwa cha Zambezi ku Mozambique, kumene anthu osamutsidwira kumtunda amabwerera ku madimba awo chifukwa kumeneko n'kumene kuli chakudya. Banja la ku Limbuli limadalira kamunda kake, ganyu wothyola tiyi, kabaza wonyamula matumba kuchokera ku malire, kapena geni ya pa msika, ndipo nyumba yokongola yomangidwa kutali ndi zonsezi imatha kusanduka yogonamo mwa apo ndi apo, eni ake atamanga kachisakasa pamalo akale omwe aja. Choncho bungwe limene likufuna kumanga nyumba yotetezeka liyenera kuyamba lapeza malo amene ali kunja kwa njira ya madzi koma pafupi ndi pomwe banjalo limapezera chakudya, ndipo m'dera lothinana ngati ili malo otere sapezeka popanda kukambirana kwa mafumu, khonsolo ndi eni malo aakulu.

Mwini nyumba ndani

Komiti ya United Nations yoona za ufulu wa zachuma ndi chikhalidwe inafotokoza mu 1991 kuti nyumba yoyenera si makoma ndi denga zokha, ndipo chinthu choyamba chimene inatchula ndi chitsimikizo chakuti wokhalamo sadzathamangitsidwa. Ku Mulanje nkhaniyi imadutsa m'mwambo wa chikamwini, umene Alhomwe, Amang'anja ndi Ayao ambiri amatsata, wakuti mwamuna amakakhala kwawo kwa mkazi ndipo malo amayenda motsata mbumba, kutanthauza alongo ndi ana awo amene amayang'aniridwa ndi malume. Mwambowu umateteza mayi ndi ana ake m'njira zambiri, chifukwa banja likatha kapena bambo akamwalira iwo amatsala pa malo awo. Vuto limabuka mayi kapena agogo akamwalira ana akadali aang'ono, pakuti nyumba ya malata ndi simenti m'mudzi wa nyumba za udzu ndi chuma chooneka, ndipo wachibale wobwera m'dzina losamalira ana angathe kukhala mwini wake, anawo n'kupezeka ali m'khitchini. Lamulo la chuma chamasiye la 2011 limati kulanda chuma chotere ndi mlandu, ndipo lamulo la malo a makolo la 2016 limalola banja kulembetsa malo ake kudzera m'komiti ya malo ya m'dera, koma kalembera wa malowa sanafike m'midzi yambiri. N'chifukwa chake mabungwe odziwa ntchitoyi samanga asanapeze chikalata chosainidwa ndi mfumu ndi achibale chonena za mwini malo ndi amene adzalowe m'malo mwake, ndipo ena, monga Habitat, amaphunzitsanso mabanja kulemba wilo.

Kusankha wolandira nakonso kumafuna nzeru. M'mudzi umene nyumba makumi asanu zinagwa ndipo bungwe labwera ndi ndalama za nyumba zisanu, mayina osankhidwa mobisa amabala mphekesera za kukondera, ndipo banja lolandira limatha kusalidwa pa thandizo lina lililonse pa chifukwa chakuti linadya kale. Njira imene imachepetsa madandaulo ndi yoyamba ndi kaundula wa boma wa mabanja ovutika, amene amagwiritsidwanso ntchito pa Mtukula Pakhomo, kenaka mayinawo n'kuwerengedwa pa msonkhano wa mudzi wonse kuti anthu avomereze kapena atsutse poyera. Pulani ya nyumbayo iyeneranso kulemekeza kakhalidwe ka eni ake. Pakhomo pa Mmalawi wakumudzi pamakhala nyumba yaikulu, khitchini yapadera, bafa, chimbudzi ndi khola, ndipo mwambo sulola kuti ana otha msinkhu azigona moyandikana ndi makolo, n'chifukwa chake pamakhala gowelo. Nyumba ya zipinda ziwiri yomangidwa pa kapuloti kopanda mpata wowonjezera zimenezi imakakamiza banja kuphikira m'kati, utsi n'kubweretsanso matenda a m'chifuwa amene nyumbayo inayenera kuchepetsa. Kusamalira nyumbayo ndi nkhani inanso, chifukwa banja limene linasankhidwa kaamba kosowa chilichonse silingagule thumba la simenti lomatira mng'alu kapena mankhwala a chiswe chimene chayamba kudya mitengo ya denga, pokhapokha ngati lalumikizidwa ku njira ina yopezera ndalama monga banki mkhonde.

Mtengo, chiwerengero ndi amisiri a m'mudzi

Mtengo wa nyumba imodzi wakwera kwambiri m'zaka zomwe kufunika kwake kwakula. Ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo popeza malata, zitsulo, misomali ndi zina zopangira simenti zimadalira ndalama zakunja, bajeti imene inalembedwa kuti imange nyumba khumi inayamba kumanga zochepa. Malamulo a 2018 a bungwe la National Construction Industry Council analetsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za boma, za mabungwe ndi zamalonda pofuna kuteteza mitengo, ndipo chifukwa chake n'chomveka bwino m'tsinde mwa phiri limene uvuni uliwonse wa njerwa umadya mitengo yomwe ikanagwira nthaka. Mabungwe ambiri tsopano amamanga ndi mabuloko a simenti kapena njerwa za dothi losakaniza ndi simenti pang'ono zopsinjidwa pa makina, zimene siziotchedwa. Zipangizozi n'zabwino, koma zili ndi vuto limodzi: munthu woyandikana ndi nyumba yamphatsoyo, amene ali ndi chikombole, dothi ndi manja ake okha, sangazitsanzire.

Boma nalo linayesapo. Ndondomeko ya malata ndi simenti zotsika mtengo, imene inayamba mu ulamuliro wa Peter Mutharika pambuyo pa chisankho cha 2014, inkafuna kufikira mabanja 80 m'dera la phungu aliyense pa chaka, ambiri mwa iwo n'kudzabweza theka la mtengo wa zipangizo. Ngakhale ikanayenda popanda vuto lililonse, ikanafikira mabanja pafupifupi 15,000 pa chaka m'dziko lonse, pamene namondwe mmodzi anawononga nyumba zoposa 260,000 m'masiku ochepa. Mabungwe othandiza, amene amawerenga nyumba zawo m'makumi kapena m'mazana pa pulojekiti iliyonse, sangayandikire n'komwe chiwerengero chimenechi. Choonadi n'chakuti nyumba zambiri zimene zinagwa ku Mulanje zinamangidwanso ndi eni ake, pogwiritsa ntchito zidina zoumba okha, malata otoledwa m'matope n'kuwongoledwa, mitengo ya bulugama ndi nsungwi, ndiponso mmisiri wa m'mudzi wolipidwa pang'onopang'ono, amene nthawi zambiri anaphunzira ntchito poyang'ana mnzake.

Apa m'pamene phindu lalikulu la nyumba yamphatso lingapezeke. Kwa agogo olera ana amasiye kapena munthu wolumala amene sangaumbe chidina, nyumba yathunthu yaulere ndi yofunika ndipo palibe china chingalowe m'malo mwake. Koma ngati nyumbayo yamangidwa ndi kontirakitala wochokera ku Blantyre, amene amabwera ndi anthu ake n'kuchoka ntchito ikatha, mudziwo umatsala ndi nyumba imodzi yolimba basi. Ikamangidwa ndi amisiri a m'deralo, achinyamata akuphunzira pambali pawo motsata maphunziro ovomerezeka ndi TEVETA, ndiponso ndi zipangizo zimene anthu ena angazipeze pa Limbuli pomwepo, luso la maziko okwera, pepala loletsa chinyontho, makona olimba ndi denga lomangirira limatsala m'manja mwa anthu amene adzamange nyumba zina zonse za m'mudzimo. Ndalama zomangira nyumba imodzi yathunthu zingathenso kugulira mabanja ambiri waya, pepala ndi matumba ochepa a simenti olimbitsira nyumba zimene akumanga kale, ndipo mabungwe ena ayamba kupereka ndalama m'magawo, gawo lotsatira likuperekedwa mlangizi akaona kuti maziko kapena denga lamangidwa moyenera. Njira imeneyi sioneka bwino pa mwambo wopereka makiyi, koma imafikira anthu ochuluka.

Muyeso woyenera wa ntchito ya mabungwe ku Limbuli, motero, si chiwerengero cha nyumba zoperekedwa chokha. Ndi chiwerengero cha mabanja amene achoka pa njira ya napolo n'kupeza malo olembetsedwa osatalikirana ndi minda ndi msika wawo, cha ana amasiye amene akadali m'nyumba zawo patapita zaka zisanu, ndi cha nyumba zomangidwa ndi eni ake zimene zatengera mamangidwe otetezeka. Ziwiri zoyambazo zili m'manja mwa boma, khonsolo ya Mulanje ndi mafumu kuposa mmene zilili m'manja mwa wopereka thandizo, ndipo ngati iwo sagwira mbali yawo, mabungwe adzapitiriza kumanga nyumba zabwino zochepa pamene mabanja ambiri akubwerera m'mphepete mwa mitsinje chifukwa chosowa kwina kopita.